Magetsi Otsala Padenga Lanu: Ufulu Wowagulitsa ndi Udindo Umene Umatsagana Nawo

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, nthawi ikamathamangira 11 koloko m'mawa, kaimeni pafupi ndi inveta ya nyumba imene ili ndi sola. Ana ali kusukulu, akuluakulu ali kuntchito, m'nyumba mukungolira filiji yokha. Manambala a pa kagalasi ka inveta akusonyeza kuti batire yadzadza kale. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mapanelo khumi ali ndanda padenga, koma mphamvu imene akutulutsa yatsika mpaka kungokwanira filiji ija. Mapanelowo ndi abwinobwino. Inveta yachita kuwabweza dala chifukwa magetsi ake alibe kolowera. Nthawi yomweyo, kuseri kwa mpanda, wowotcherera zitsulo ndi mayi wa saluni akudandaula kuti magetsi sakukwanira m'dziko.

Lamulo la net metering linabwera kuti magetsi otayika chotere apeze njira. Pano tiona mmene lilili ku Zambia, kumene linakhazikitsidwa mu 2024. Mfundo yaikulu ndi iyi: magetsi a padenga lanu ndi anu, ndipo lamulo likukulolani kupereka otsala ku kampani ya magetsi, koma waya umene adzadutsamo ndi wa anthu ambiri. N'chifukwa chake ufulu umenewu umayamba ndi pangano lolembedwa.

Chimene chinafulumizitsa lamuloli

Magetsi ambiri a ku Zambia, opitirira magawo 80 pa 100 alionse, amachokera kumadzi: ku damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Mvula itakana m'nyengo ya 2023 ndi 2024, madzi anatsika kwambiri. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. M'mwezi wa Malichi kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku, ndipo chaka chisanathe madera ambiri ankakhala mumdima maola 21. Bungwe la Zambezi River Authority, limene limagawa madzi a ku Kariba pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, linali litachepetsa madzi oyendetsera makina.

Amene anali ndi kangachepe anathamangira kugula mapanelo, mabatire ndi mainveta. Madenga a ku Lusaka, Kitwe ndi Chipata anayamba kunyezimira. Boma linaona kuti pamadenga amenewa pali magetsi ochuluka amene akungopita pachabe masana, choncho linatulutsa malamulo otchedwa Electricity (Net Metering) Regulations, amene ndi Statutory Instrument nambala 38 ya 2024, pansi pa lamulo lalikulu la zamagetsi la Electricity Act la 2019. ZESCO inayamba kulandira ofunsira m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho. Woyang'anira zonsezi ndi bungwe la Energy Regulation Board, limene anthu amangoti ERB.

Net metering n'chiyani?

Taganizirani mlimi amene wakolola chimanga choposa nkhokwe yake. M'malo moti chotsalacho chiwolere pabwalo, akukasungitsa m'nkhokwe yaikulu ya mfumu, ndipo mlembi akulemba madengu amene alowa. Nthawi yosowa ikafika akukatapako, mlembi akulembanso amene atuluka. Pakutha pa nyengo awerengera kuti aone ngati mlimiyo ali ndi ngongole kapena chake chatsalako.

Net metering imayenda chimodzimodzi. Masana, nyumba ndi batire zikakhuta, magetsi otsala amalowa m'mawaya a kampani n'kukagwira ntchito kwa anansi anu. Usiku kapena kukachita mitambo, inu mumatenga magetsi a kampani. Mlembi wake ndi mita yapadera yowerenga mbali ziwiri: mayunitsi olowa m'nyumba ndi mayunitsi otuluka. Pakutha pa mwezi, zimene mwapereka zimachepetsa zimene muyenera kulipira. Munthu wotere lamulo limamutcha prosumer, kutanthauza wogula magetsi amenenso ndi wopanga.

Si sola aliyense amene angalowe m'ndondomekoyi. Pali sola woima payekha, wosalumikizana n'komwe ndi mawaya a kampani. Ameneyu alibe njira yotumizira kanthu. Pali sola wolumikizidwa ku mawaya koma wopanda batire. Ameneyu amatumiza, koma magetsi a kampani akazima nayenso amazima. Ndiye pali wa hybrid, amene amaphatikiza zonse zitatu, mapanelo, batire ndi magetsi a kampani. Ameneyu ndiye wafala m'makomo chifukwa amayatsa nyumba ngakhale dera lonse lili mumdima. Koma chenjerani: m'masitolo muli mainveta ambiri olembedwa kuti hybrid amene amangolandira magetsi a kampani, osatha kubweza. Musanalipire, funsani wogulitsa akusonyezeni m'buku la invetayo pamene palembedwa kuti imatha kutumiza magetsi ku mawaya, komanso chiphaso chosonyeza kuti inayesedwa.

Ufulu wanu

Ngati ndinu kasitomala wa kampani yogawa magetsi ndipo muli ndi makina opangira magetsi kuchokera ku mphamvu zosatha monga dzuwa, muli ndi ufulu wofunsira kulowa mu net metering. Malire ake ndi mamegawati 5, amene ndi makilowati 5,000. Nyumba wamba imakhala ndi makilowati 3, 5 kapena 10, choncho khomo ndi lotakasuka: mukulowa nyumba, sukulu, tchalitchi, famu ngakhale fakitale.

Muli ndi ufulu wokhala ndi pangano lolembedwa. Zimene mwauzidwa pakamwa pa kauntala kapena ndi wokuikirani sola sizingakuthandizeni tsiku la mkangano. Chimene chimakutetezani ndi pepala limene inu ndi kampani mwasaina, ndipo kope lake likhale m'manja mwanu.

Mtengo wa magetsi si wongoganiziridwa ndi munthu wa mu ofesi. Mitengo imavomerezedwa ndi ERB, ndipo bungweli likafuna kusintha mitengo limaitana anthu kuti apereke maganizo awo. Mwini sola aliyense ayenera kumatsatira misonkhano imeneyi, chifukwa zimene zimagamulidwa kumeneko ndi zimene zidzaonekere pa bilu yake.

Muli ndi ufulu woyezeredwa ndi mita yolondola, ndi wodandaula ngati mukuona kuti ikukuberani. Za miyezo ndi masikelo m'dzikomo zimayang'aniridwa ndi Zambia Metrology Agency. Inveta yanu nayonso imasunga chiwerengero cha mayunitsi amene yatumiza. Muzilemba manambala a mbali zonse ziwiri tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, kapena kuwajambula pa foni. Kusiyana pang'ono kumachitika, koma kukakula mumakhala ndi umboni.

Pomaliza, palibe amene angakukakamizeni kugulitsa. Mukhoza kukhala ndi sola wa hybrid n'kuitchera inveta kuti isatumize kanthu kunja. Magetsi anu mungathe kuwadya nokha.

Udindo wanu

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Udindo woyamba, umene uposa ena onse, ukukhudza moyo wa munthu.

Waya wa m'dera lanu waduka ndi mphepo. Amisiri a kampani afika, azimitsa magetsi kumene amachokera, ndipo mmodzi wamanga lamba m'chiuno n'kukwera pa mtengo wa magetsi. Iye akugwira waya podziwa kuti ndi wakufa. Koma nyumba yachitatu kuchokera pamenepo ili ndi inveta imene ikupitiriza kukankhira magetsi kunja. Choopsa chake n'chakuti thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Imene imatsitsa mavoti 11,000 kufika pa 230 kuti alowe m'nyumba mwanu, imathanso kutenga 230 ochokera kwa inu n'kuwakweza kubwerera ku masauzande aja. Bambo ali pamtengoyo ali ndi ana akumudikira kunyumba, ndipo sakudziwa n'komwe kuti padenga panu pali mapanelo.

N'chifukwa chake inveta yololedwa kutumiza magetsi iyenera kukhala yodzidula yokha. Ikangomva kuti magetsi a kampani azima, imasiya kutumiza kunja pasanathe masekondi awiri, n'kumangodyetsa nyumba yokha. Amisiri amaitcha nzeru imeneyi anti-islanding. N'chifukwa chakenso pamafunika swichi yodulira, yoikidwa poonekera ndi pofikirika, ndi chikwangwani chochenjeza kuti nyumba ino ili ndi magwero awiri a magetsi. Chikwangwani chimenechi chimathandizanso ozimitsa moto, pakuti mawaya ochokera ku mapanelo amakhala amoyo nthawi yonse imene dzuwa likuwala, ngakhale swichi yaikulu ya m'nyumba itazimitsidwa.

Udindo wachiwiri: musatumize magetsi musanaloledwe. Ena amanyengedwa ndi owaikira sola kuti angotsegula pa inveta, mita izibwerera m'mbuyo. Mamita ambiri olipiriratu sadziwa kusiyanitsa cholowa ndi chotuluka. Ena amawerenga magetsi amene mwatumiza ngati kuti mwawagwiritsa ntchito, n'kukudyerani mayunitsi amene munagula. Ena amaona ngati akuseweretsedwa n'kudzitseka. Kutsegula mita, kudula chidindo chake kapena kuilambalala ndi mlandu pa lamulo la zamagetsi.

Udindo wachitatu ndi wa kwa anansi. Thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zambiri. Nyumba zochuluka zikamakankhira magetsi pa waya umodzi dzuwa lili paliwombo, mphamvu imakwera kupitirira muyezo ndipo imatha kupsereza wailesi yakanema kapena filiji ya munthu amene alibe n'komwe sola. Ichi n'chifukwa chake kampani imayamba yaona ngati thiransifoma ya kwanuko ingasenze katundu wanu, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kuwonjezera mapanelo kapena kusintha inveta mwakachetechete mutasaina kale pangano. Mwakulitsa makina, kadziwitseni.

Udindo wachinayi ndi kugwiritsa ntchito mmisiri wovomerezeka. Ku Zambia, ochita malonda ndi ntchito yoika zipangizo za sola amafunika chiphaso cha ERB, ndipo mainjiniya ndi amisiri amalembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Pemphani kuona mapepala amenewa ntchito isanayambe. Ntchito ikatha, akusiyireni chithunzi cha kayendedwe ka mawaya, mapepala a zotsatira za kuyesa, malisiti ndi makalata a galanti.

Dziwaninso kuti net metering ndi pangano la inu ndi kampani basi. Kukoka waya kudutsa pampanda n'kumagulitsa magetsi kwa mnansi ndi nkhani ina, imene ili ndi malamulo ake a ziphaso.

Njira yake, kuyambira pachiyambi

1. Yambani ndi kufunsa ku kampani musanagule zipangizo. Dziwani mitundu ya mainveta imene amalola. N'zopweteka kugula inveta yodula n'kudzamva kuti siingalumikizidwe.

2. Onetsetsani kuti akaunti ya magetsi ili m'dzina loyenera ndipo ilibe ngongole. Ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba ndipo mulemberane: mapanelo ndi a ndani, phindu la mayunitsi ndi la ndani, ndipo zidzatha bwanji tsiku losamuka.

3. Lembani fomu yofunsira, muphatikizepo zonse zokhudza mapanelo, inveta, batire ndi mmisiri wanu. Sungani kope, ndipo mulembe tsiku limene mwapereka ndi nambala imene akupatsani.

4. Lolani amisiri a kampani adzayendere ndi kuyesa makina anu. Akakana pempho lanu, pemphani kuti zifukwa zake akupatseni polemba, kuti mudziwe chokonza kapena pokadandaula.

5. Werengani pangano modekha, musaine, akuikireni mita yowerenga mbali ziwiri. Apa m'pamene mungatsegule inveta kuti iyambe kutumiza.

Werengerani musanasangalale

Tiyerekeze nyumba ya ku Chipata yokhala ndi mapanelo khumi a mawati 500 lililonse, onse pamodzi makilowati 5, oyang'ana kumpoto monga zimafunikira kuno kumwera kwa dziko lapansi. Tsiku lopanda mitambo angatulutse mayunitsi pafupifupi 22. Tinene kuti masana filiji, pampu ya madzi ndi simbi zadya 6, batire yamwa 8, otsala ndi 8. Usiku batire yayatsa nyale ndi wailesi yakanema, koma chitofu ndi giza zatenga mayunitsi 5 ku kampani. Pa masiku 30, nyumbayi yatumiza mayunitsi 240 ndipo yatenga 150. Papepala zikuoneka zokoma.

Koma pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa sola sakonda kutchula. Choyamba: mungatumize magetsi pokhapokha mawaya a kampani ali amoyo. Inveta ija imadzidula magetsi akazima, choncho ngati dera lanu lazimitsidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku limenelo simutumiza ngakhale yunitsi imodzi. Nthawi imene dziko likusowa magetsi kwambiri ndi yomwenso khomo lanu lotumizira limakhala lotseka kawirikawiri. Onjezanipo miyezi ya mvula, pamene mitambo imachepetsa zokolola za mapanelo, ndi fumbi la m'chilimwe ngati simuwatsuka.

Chachiwiri: yunitsi imene mwatumiza siikhala nthawi zonse yofanana mtengo ndi imene mwagula, ndipo mtengowo umatha kusintha. Ku America, kumene ndondomekoyi inayambira, dera la Minnesota linakhazikitsa lamulo lake mu 1983 ndipo madera ena anatsatira. Kwa zaka zambiri anthu a ku California ankabwezeredwa pafupifupi mtengo wonse wa yunitsi, koma kuyambira mu Epulo 2023 olowa kumene anayamba kulandira zochepa kwambiri. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti mawaya, mitengo ndi mathiransifoma zimafuna ndalama zokonzera, ndipo eni sola akasiya kulipirako, mtolowo umagwera osauka amene sangathe kugula mapanelo. Mkangano umenewu umafika kulikonse kumene sola wachuluka.

Nzeru yake ndi yakuti mugule sola wolingana ndi zosowa za pakhomo panu. Phindu lalikulu lili pa magetsi amene mwapanga n'kugwiritsa ntchito nokha: kusita, kuchapa, kupopa madzi ndi kutenthetsa giza dzuwa lili pamutu. Otsala amene mwatumiza akhale ngati ndiwo zowonjezera. Kutenga ngongole kuti mudzaze denga lonse ndi mapanelo poyembekezera kuti kampani ndiyo idzabweze ngongoleyo, n'kuika khosi lanu pa mtengo umene simuulamulira.

Mafunso ofunsa musanasaine

Safunsa anadya phula. Khalani pansi ndi pepala la pangano, ndipo funso lililonse mwa awa mulipezere yankho lolembedwa:

Kodi zimene ndatumiza zikuwerengedwa ngati mayunitsi kapena ngati ndalama, ndipo pa mtengo wanji? Ndikatumiza zochuluka kuposa zimene ndatenga, zotsalazo zimapita ku mwezi wotsatira, zimalipidwa, kapena zimafafanizidwa pakapita nthawi? Mita yatsopano alipire ndani, ndipo ikawonongeka akonze ndani? Pali ndalama zina zolipira mwezi ndi mwezi ngakhale ndisanatenge magetsi? Panganoli ndi la zaka zingati, ndipo mtengo ukasintha pakati pa njira ine zindikhudza bwanji? Kampani ingandidule pa zifukwa ziti, ndipo idzandidziwitsa motani? Ndikagulitsa nyumba kapena mwini akaunti akamwalira, panganoli ndi mayunitsi osungidwa zimapita kwa ndani?

Funso lomalizali musalinyalanyaze. Mapanelo abwino amakhala zaka 25, ndipo pa zaka zotere nyumba zimasintha manja. Dziwitsaninso a inshuwalansi ngati nyumba yanu ili nayo, chifukwa moto ukabuka adzafuna kudziwa ngati makinawo anaikidwa mwalamulo.

Zikavuta mupite kuti?

Dandaulo lokhudza bilu, mita, kuchedwa kwa yankho kapena kudulidwa liyambire ku kampani ya magetsi. Lembani kalata, musangolankhula pakamwa. Tchulani nambala ya mita, masiku ndi manambala amene munalemba, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu. Mukapanda kuthandizidwa, kapena yankho lake likapanda kukukhutiritsani, pitani nalo ku ERB, imene likulu lake lili ku Lusaka. Kulandira ndi kufufuza madandaulo a ogula ndi imodzi mwa ntchito zimene lamulo la Energy Regulation Act la 2019 linapatsa bungweli.

Ngati vuto ndi wogulitsa, mwachitsanzo wakupatsani batire yakale ngati yatsopano, mapanelo osafika mawati olembedwapo, kapena akukana galanti, khomo loyenera ndi la Competition and Consumer Protection Commission. Kumenekonso chimene chimalankhula ndi lisiti. Wogulitsa wokana kulemba lisiti akukuuzani kale mmene adzakuyankhireni katunduyo akadzafa.

Kwa abale a m'maiko oyandikana

Ku Zimbabwe malamulo a net metering anatuluka mu 2018, ndipo woyang'anira ndi Zimbabwe Energy Regulatory Authority. Ku Malawi, kumene magetsi ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, anthu anaona mdima wofanana namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ndipo sola wa hybrid wafala m'makomo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kumeneko mawaya ndi a ESCOM ndipo woyang'anira ndi MERA. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake ndi mitengo yake, choncho za ku Zambia musazitenge ngati za kwanu. Chimene sichisintha ndi chimodzi: popanda chilolezo cholembedwa cha mwini mawaya, inveta yanu ikhale yotchera kuti isatumize kanthu kunja.

Kwa zaka zambiri magetsi ankayenda njira imodzi, kuchokera ku damu kubwera kwa ife, ndipo mbali yathu inali kulipira ndi kudikira. Tsopano munthu wamba akhoza kuthirako ake m'mawaya a dziko, ndipo wowotcherera zitsulo uja angagwire ntchito ndi dzuwa logwera padenga la mnansi wake. Ufulu umenewu ndi wofunika kuugwiritsa ntchito ndi kuuteteza. Kafunsireni, werengani pangano, sungani manambala anu, ndipo mukaponderezedwa kadandauleni. Koma tsiku limene mmisiri adzabwere kudzayesa makina anu, mudzaime naye pomwepo, azimitse magetsi a kampani inu mukuona, mpaka mutsimikize ndi maso anu kuti inveta yasiya kutumiza. Amene adzakwere mtengo wa kutsogolo kwa nyumba yanu akudalira kuti munachita zimenezo.